Zikhomo Zimene Zinaphuka pa Kasupe wa Apongozi

Kwathu kuno kumapiri nkhungu imadzuka anthu asanadzuke. Imatuluka m'madambo n'kumakwera pang'onopang'ono ngati ng'ombe zoyera zopanda mbusa, ndipo pamene mkazi akutsegula chitseko mudzi wonse umakhala ukuyandama. Tambala mumangomumva, osamuona. Wina akatsokomola kuseri kwa nkhokwe mumangolonjera chifuwacho n'kumapita. Ine ndikamakumbukira chaka changa choyamba cha chikamwini, zonse ndimaziona zili m'nkhungu imeneyo, ngakhale zina zinachitika dzuwa likuswa mtengo.

Si kale kwenikweni ayi. Mwana amene anali m'mimba chaka chimenecho wangoyamba kumene kugweluka mano.

Ndine wa mtima wapachala, aliyense amadziwa. Shikola ya ku Fonte Boa ndinaisiya ndisanamalize segunda, kalasi yachiwiri, tsiku limene mnyamata wina anaseka chigamba cha pa kabudula wanga. Ndinamutulutsa kamfuno, ndipo purufesoro, mphunzitsi wathu, asanafike ine ndinali nditawoloka kale mtsinje. Kalembedwe kamene mukukaonaka ndi kamene ndinathawa nako.

Bambo anga analibe ng'ombe. Ana a eni makola amalowola mkazi n'kupita naye kwawo. Ife enafe timanyamula khasu ndi mphasa, kukakhala kwa mkazi. Ine mphasa yanga ndinakayala cha ku Lifidzi, pa kamudzi ka m'mbali mwa phiri, kozunguliridwa ndi mapichesi amene amachita maluwa masamba asanabwere, moti m'chilimwe nyumba zimaoneka ngati zakhala mu utsi wofiirira.

M'mudzimo munali mkamwini mnzanga wachikulire, wa dazi, amene anakwatira mayi ake aang'ono a mkazi wanga. Anakhalamo mpaka imvi, koma amati akadali mlendo. Ndiye amene anandilangiza, tikusula makasu.

"Mphwanga, kuno ine ndi iwe ndife atambala obwereka. Tambala wobwereka amalira, koma salira pamwamba pa denga."

"Ine si nkhuku, akulu."

"Eya, ndi mmene ndinkayankhira nanenso ndili ndi tsitsi. Tamvera. Apongozi ukakumana nawo panjira, patuka, ulowe pa udzu, uwapatse msana. Ngakhale pali chitedze, lowa. Ndipo usadzadzale mtengo. Mtengo ndi wa mwini nthaka. Ukadzala nthochi anthu ayamba kunong'ona. Ukadzala kachere, ndiye kuti wamanga mudzi wako pamutu pa eni ake, chifukwa kachere amadzala ndi munthu woyamba mudzi."

Ndiye apongozi anga aakazi sindinkawadziwa nkhope. Ndinkadziwa nsalu yawo yabiriwita ikuzimirira kuseri kwa nyumba, ming'alu ya kuchidendene, ndi fungo la fodya wawo wapamphuno likatsalira panjira. Koma mawu awo ndinkawamva tsiku lililonse, chifukwa anali ndi njira yawo. Zonse zofuna kundiuza ankauza ziweto ndi ziwiya.

"Nkhuku iwe," amatero m'mawa pafupi ndi khomo lathu, "ena dzuwa lawatulukira ali m'bulangete. Kaya kwawo chimanga chimadzilima chokha."

Ine m'nyumbamo mtima uli phuphuphu, koma ungayankhe bwanji mawu ouza nkhuku?

Mwambo wake ndi wakuti chaka choyamba umalima munda wa apongozi ndi kudya za m'mphika mwawo. Akaona kuti uli ndi manja, amakupatsa munda wako, nkhokwe yako, ndi mafuwa atatu oti mkazi wako aziphikirapo payekha. Munda umene anatilonjeza unali pamwamba pa kasupe. Mkazi wanga ananditengera kumeneko tsiku lina Lamulungu titachoka kutchalitchi. Kasupeyo amatuluka pansi pa mwala waukulu, mwakachetechete, mchenga woyera ukuvina pansi pake ngati mphale ikuyamba kuwira. Ukawerama umaona mitambo ikudutsa m'madzimo, ndi nkhope yako ikugwedezeka pakati pa mitamboyo. Pamwamba pake panali nthaka yakuda bii, yofewa, yoti ukaponda phazi limalowa. Ndinaifumbata, ndinainunkhiza. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalima munda wa apongozi thupi lokha, mtima uli kumtunda kuja. Ndinkaona mbatatesi zikuchita maluwa, nyemba zikukwera mapesi, nkhokwe yanga itatsamira chifukwa cholemedwa. Ndi malo okhawo amene mtima wanga unkakhala pansi.

Mvula itatsala pang'ono, kunabwera anthu awiri pa njinga kuchokera ku maofesi a ku Ulongwe. Wina anali sipayo, wapolisi wa boma wa chipewa chofiira. Wina anali kapitawo wa zaulimi, mnyamata wakwathu konkuno wophunzira ku mishoni, wa nsapato zopukuta, atanyamula chingwe chachitali ndi kathabwa koyezera malo kokhala ndi kadiso ka madzi pakati. Anatisonkhanitsa. Anati akuluakulu a boma akhala pansi n'kugawa dziko lonse la mapiri ano, apa polima, apa podyetsa ng'ombe, apa posiya. Pamwamba pa kasupe aliyense pasafike khasu, nkhwangwa kapena moto. M'malo otsetsereka mizere izipingasa phiri, isamatsike nalo. Anati akasupe akuuma ndipo nthaka ikuthawira kumtsinje.

Bodza panalibe. Tonse tinkachidziwa chigwembe cha kutsidya chimene chinayamba ngati kanjira ka mbuzi, chaka china n'kumeza ng'ombe yamoyo. Koma mawu oona akabwera ndi sipayo kumbuyo amawawa ngati onama.

Anati malire adzaikidwa ndi zikhomo, ndipo wozula chikhomo adzakalawa mbalamatodya, kathabwa kazibowo komenyera anthu m'manja, mwinanso n'kupita kukagwira ntchito ya msewu kutali. Kenaka anafuna anthu odula ndi kukhoma zikhomozo. Atsibweni ake a mkazi wanga, amene ndiwo eni mbumba pamudzipo, sanaganize kawiri. Ntchito ya boma ndi ya akamwini. Analoza ine ndi adazi aja.

Tinayenda nawo tsiku lonse, kapitawo akusuzumira kadiso kake, ife tikukoka chingwe. Titafika pa kasupe ndinaona chingwecho chikukwera, chikukwera, n'kudutsa pakati penipeni pa munda wanga. Nthaka yakuda yonse inatsala mkati mwa malo oletsedwa. Ine kunanditsalira kumunsi, kofiira, kwa timiyala.

Ndinataya chingwe.

"Inu a nsapato, munalimapo chiyambire? Mukudziwa kuti apa ndi pamunda pa munthu?"

Sipayo anasuntha phazi. Kapitawo anamuletsa ndi dzanja, n'kundiyang'ana mofatsa.

"Pepani achimwene. Mundawu ndi wanu?"

Akanandimenya mbama zikanakhala bwino. Mundawo sunali wanga, ndipo pamudzi ponsepo changa chinali khasu ndi mphasa. Adazi anandikoka malaya.

"Tiye tikadule zikhomo, tambala. Ukalilire kutchire."

Iwo anatola timitengo touma, n'kumangotibaya pang'ono m'nthaka ndi ulesi wadala, kuti mphepo idzawathandize. Ine maso anali atafiira. Pafupi ndi njira panali nthambi yaikulu imene mphepo inathyola, masamba atafota kale. Sindinafunse kuti ndi ya mtengo wanji. Ndinaidula zidutswa zonenepa ngati mkono, ndinazisongola, ndinatola mwala. Chikhomo chilichonse chinali mutu wa kapitawo. Ndinkamenya mpaka chilowe theka lonse m'nthaka yonyowa ija.

"Mphwanga," anatero adazi, "taona utomoni uli m'manja mwakowo."

"Ndisiyeni!"

"Ndati taona kaye..."

"Ndati ndisiyeni, akulu, ndingakukhomereni limodzi!"

Anandisiyadi. Anakhala pamwala n'kumanunkha fodya wawo, akundiyang'ana ngati munthu woonera mbuzi ikudya chingwe chake. Kapitawo pochoka anati mzere wanga ndiwo wolimba kuposa yonse imene waona.

Mvula inagwa. Mapiri anavala msipu, mitsinje inayamba kulankhula. Mkazi wanga anasiya kudya nyemba, akuti zikumununkhira, ndipo amayi a pamudzi anayamba kumuyang'ana m'chiuno n'kumamwetulira. Ine kukasupe ndinaleka kupitako. Ndinkazungulira njira ina, kuti ndisaone nthaka ija ikumera udzu.

Tsiku lina m'mawa mkazi wanga anabwera kuchokera kotunga madzi, mtsuko uli theka.

"Inu, tabwerani mudzaone ana anu."

"Ana ati?"

"Ingobwerani."

Tinakwera m'nkhungu, iye patsogolo. Zikhomo za adazi zinali zitagwa, chiswe chitamaliza. Zanga zinali chiimire, mzere wonse kuzungulira pamwamba pa kasupe, ndipo chilichonse chinali chitatulutsa timasamba. Tina tofiirira, tina tobiriwira kale, tonyezimira, dontho la mame lili kunsonga. Nkhungu imati ikasuntha, china chimaonekera, kenaka china, ngati ana a shikola ataima pamzere kudikira belu. Ndinagwira tsamba limodzi, lofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero chochokera m'manja mwanga, ine amene manja anga ankadziwika ndi kuswa zinthu.

Mkazi wanga ankaseka. Kenaka anathyola katsamba, utomoni woyera n'kutuluka, ndipo kuseka kunatha.

"Inu, uyu ndi kachere."

Amayi otunga madzi anali ataona kale. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itazungulira mudzi, n'kubwerera itanenepa. Akuti mkamwini watsopano wadzala kachere, osati mmodzi koma mzere. Akuti anapangana ndi kapitawo. Akuti akufuna kudzaitana abale ake adzamange pakasupe.

Atsibweni anandiitana pakhonde pawo. Ndi munthu wamfupi, wokonda kuseka pamowa, koma tsikulo anakhala ngati wameza mwala.

"Mkamwini, tinakupatsani mwana wathu. Nthaka tinakupatsaninso?"

"Sindinadzale kanthu ine. Ndinakhoma zikhomo zimene munandituma ndinu."

"Chikhomo chimaphuka?"

"Kafunseni chikhomocho!"

Adazi anatsokomola kumbuyo kwanga. Atsibweni anagwedeza mutu.

"Agogo athu anadzala kachere mmodzi yekha pamudzi pano, ndipo mudzi ndi wathu chifukwa cha iyeyo. Inu mwadzala ochuluka chonchi, ndiye ife tikhala alendo anu? Mawa m'mawa mukazule ndi manja anu omwewo, ine ndikuona. Mukakana, pindani mphasa yanu."

"Nanga sipayo akabwera?"

"Manja ndi anu."

Apa ndiye panali pothina. Ndikazula, ndikalawa mbalamatodya, mwina n'kutumizidwa kumsewu mwana wanga n'kubadwa ine kulibe. Ndikasiya, ndichoke pamudzi, mwanayo adzakule akumva kuti bambo ake anali munthu wina waukali wochokera cha ku Fonte Boa. Iwo eni sakanazula, ankaopa chipewa chofiira ngati ine ndemwe. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kupinda mphasa ndi mkwiyo. Mkazi wanga sanalire. Anangokhala pa mphasapo, mwendo uku mwendo uku.

"Pindani ndi ine ndemwe," anatero. "Tikulemera awiri, muone ngati munyamule."

Ndinaisiya. Ndinaganiza kuti manja amatupa n'kuphwa, msewu umatha, koma munthu akachoka pa chikamwini sabwerera.

M'mawa mwake nkhungu inali yochindikala kuposa masiku onse. Ndinatenga khasu n'kukwera ndekha. Dziko linali litafufutika. Kunalibe phiri, kunalibe mudzi, kunali kanjira kokha kotuluka pansi pa mapazi anga, ndi kulira kwa njiwa kwinakwake kumwamba. Ndinafika pa chikhomo choyamba, cha m'mphepete mwa dziwe la kasupe. Ndinachigwira ndi manja awiri n'kukoka. Chinakana. Ndinakokanso, ndipo ndinamva pansi timizu tikuduka, tating'ono, ngati ulusi. Mtima unandipweteka pamalo pamene sindinkadziwa kuti alipo.

Ndipamene ndinamva fungo la fodya wapamphuno.

Ndinasiya chikhomo, ndinalumphira pa udzu wonyowa, ndinatembenuka kupereka msana. Kumbuyo kwanga kunamveka mapazi a anthu awiri, ena olemera a atsibweni, ena okwekwesa amene ndinkawadziwa bwino. Mtsuko unatsitsidwa pansi.

"Kachere iwe," anayamba apongozi, "wakupweteka ndani m'mawa uno? Taona wapendekeka. Anthu ena mphamvu zawachulukira. Pokhoma mphamvu, pozula mphamvu. Kupalira kokha ndiye msana umawawawa."

"Mlongo wanga," anatero atsibweni, "nkhani iyi tinamaliza dzulo."

"Munamaliza amuna. Ine ndikucheza ndi mtengo. Kachere iwe, tandifunsira achimwene angawa. Mwana ali m'mimba mwa mwana wanga uja ndi wa yani?"



"Ndi wathu," anatero atsibweni. "Ndi wa mbumba yathu. Funso lanji limenelo?"

"Anamudzala ndani?"

"Aaa, iwe!"

"Ndikufunsa. Anamudzala ndi inu?"

"Pakamwa pakopo, mlongo wanga! Mkamwini ali pompano!"

"Ine sindikuona mkamwini, ndikuona nkhungu. Ndiye mlendo wadzala mwana m'mimba mwa mwana wathu, mwati ndi wathu, mukudikira kudzamutcha dzina. Mlendo yemweyo wadzala mtengo m'nthaka yathu, mwati watilanda mudzi. Ngati zodzala mlendo zili zake, yambani mwazula mwanayo."

Makutu anga anatentha. Ndinkayang'ana udzu ngati ndikuwerenga.

"Ndiponso," anapitiriza, mawu atatsika, "kasupe uyu ine ndinayamba kutunga ndili kamtsikana, madzi akufika pa mwala uwo. Lero ali apa. Amuna simudziwa, mumangomwa. Nthaka yakudayo ndinalonjeza ana ndine, ndipo ikundiwawa ndine. Koma mbatatesi sungaphike ndi fumbi."

Ndinamva atsibweni akuyenda uku ndi uku. Munthu wamkulu safuna kugonja pamaso pa mkamwini, ngakhale mkamwiniyo atapereka msana. Kenaka ndinamva akutenga chikho, akutunga madzi, akuthira pa chikhomo chija ndinachipendeketsa, n'kupondaponda nthaka m'mbali mwake. Anapita pa chachiwiri, anathira. Chachitatu, anathira. Anayenda mzere wonse, akuzimirira m'nkhungu, kumangomveka khwaa, khwaa, kutali. Atabwerera anali akupuma mwamphamvu.

"Mitengo iyi ndathirira ndine," anatero mokweza, kuti ndi mapiri omwe amve. "Ndi ya mbumba ino. Mkamwini anangokhoma zikhomo za boma. Si choncho, mkamwini?"

Mtima wanga unadumpha. Ndinkafuna kukuwa kuti ndadula ndine, ndasongola ndine, matuza anali m'manja mwanga! Mawuwo anafika pakhosi. Ndinawameza, anali owawa ngati ndulu. Koma kungovomera chabe sindikanatha, si ine. Ndinanyamula khasu langa n'kuliyang'ana.

"Khasu iwe," ndinatero, "uwauze akuluakulu kuti ndamva. Uwauzenso kuti kupalira ndimapalira, nkhuku ija imanama."

Apongozi anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka. Kunali kuseka kwa kamtsikana, kopyapyala, kotalika, mpaka anatsamwa ndi fodya. Pamenepo nkhungu inang'ambika pang'ono, kuwala kunagwera padziwe, ndipo ine poti ndinali chammbali, maso ali pansi monga mwa mwambo, ndinaona m'madzimo nkhope ya mayi wa mpata kumano, maso ang'onoang'ono onyowa ndi misozi ya kuseka, mtambo ukudutsa pa mpango wawo. Inali nkhope ya mkazi wanga itakalamba. Nawonso anandiona. Tinayang'anana m'madzimo kanthawi kochepa, kenaka anamiza chikho, nkhope zonse ziwiri n'kusweka.

Titakolola anatipatsa mafuwa athu ndi munda wakumunsi uja, wa timiyala. Mizere ndinaipingasa monga ananenera a boma, ndikutukwana mzere uliwonse. Nthaka yakuda ija mpaka lero ndikaidutsa ndimatembenuza nkhope, chifukwa ndimaonabe mbatatesi zanga zimene sizinadzalidwe, zikuchita maluwa pansi pa udzu. Kapitawo anadzabweranso chaka chinacho, anaima nthawi yaitali pa mzere wa akachere, n'kufunsa kuti anaganiza zimenezi ndani. Atsibweni anadziguguda pachifuwa. Adazi anandiponda phazi, ine n'kuyang'ana kumwamba.

Mitengoyo tsopano yapitirira denga la nyumba, nthambi zagwirana. Njiwa zimadzadya timbewu take, ndipo pansi pake pamakhala mdima wozizira ngakhale m'chilimwe. Anthu amati pa zikhomo. Mwana wanga wamkazi amapita kumeneko ndi agogo ake, atasenza kachikho pamutu, ndipo akabwera amandiuza kuti mitengo ija anadzala ndi agogo aamuna, atsibweni a amayi. Ndimangoti eya.

Apongozi ndimawapatsabe msana tikakumana panjira. Dzana anadutsa pakhomo pathu m'mamawa, nkhungu isanachoke, ndipo ndinawamva akuuza galu wanga kuti kachere wa m'mphepete mwa dziwe uja anakula chopendekeka, ndipo akudziwa amene anamupendeketsa.